Ababa Anamasula Msilikali wa ku Japan

Utale, Balaka
21 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Chester,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana ku Durban uko. Kuno dzuwa lafika poti nkhuku zikuyenda zitayasamula, ndipo mjigo wapafupi uja wayamba kutulutsa madzi amatope, koma tili moyo.

Mawu amene munajambula pafoni aja ndinawamvetsera mpaka kumapeto. Sindinayankhe chifukwa pafoni mumalankhula nokha. Ine ndikangoti “koma achimwene,” inu mwayamba kale zina. Ndiye ndati ndilembe kuti mundimve mpaka pomwe ndisiyire ndekha.

Munati ndachititsa manyazi banja lathu. Munati ndinatenga bambo wodwala n’kukamuonetsa kwa anthu kuti amuseke. Mwaona kakanema kamene kakuzungulira m’mafoni, kolembedwa kuti “Wamisala asokoneza sewero ku Liwonde.” Kakanema kameneko n’koduka. Amene anakajambula anazimitsa foni pomwe kuseka kunathera, poti zotsatirazo sizinali zoseketsa. Ine ndinalipo, ndipo ndikuuzani zonse, zabwino ndi zoipa zomwe.

Mukudziwa kuti Loweruka ndikapuma kusukulu ndimapita ku Balaka ku gulu lathu la zisudzo, lija timachita masewero a kolera ndi a maukwati a ana aang’ono. M’mwezi wa Juni kunabwera mayi wina wa ku Japan, a Michiyo, amene akugwira ntchito yongodzipereka kuno. Kwawo anali wa zisudzo. Chichewa amayankhula chothyokathyoka, koma sachita nacho manyazi. Anationera tikuchita la kolera, mnzathu Akimu akuthamanga atagwira pamimba, ndipo anaseka mpaka misozi. Titamaliza anati ali ndi sewero limene analemba ndi anzawo kwawo, ndipo akufuna aone ngati lingamveke m’Chichewa.

Sewerolo ndi la bambo amene anapita ku nkhondo yaikulu ija ya dziko lonse ali mnyamata, n’kubwerako thupi lonse lili bwinobwino, wopanda ndi chipsera chomwe. Koma kunyumba sapeza tulo, ndipo nsapato za usilikali savula. Chitseko chikamenyetseka amalowa pansi pa tebulo. Lero akuseka ndi ana, mawa wamenya mkazi wake chifukwa supuni yagwa pansi. Abale amamubisa m’chipinda chakuseri kuti anthu asadziwe, ndipo akavuta amamumanga. A Michiyo anati kwawo mabanja ambiri anakhala ndi munthu wotere koma sankanena, ndipo agogo awo enieni anamwalirira m’chipinda chotero.

Achimwene, pamene ankafotokoza ine ndinkangoyang’ana pansi. Ndinkaona ngati munthu wina anakhala pakhonde pathu zaka zonsezi n’kumalemba. Inu mukukumbukira bwino kuposa ine, poti ndinu wamkulu. Mukukumbukira ababa akugona chafufumimba m’munda sitima ikamadutsa. Mukukumbukira amalume akuwamangirira pamzati wa khonde ndi chingwe cha ng’ombe, ife tikusuzumira pawindo, amayi akutiuza kuti tikafunsidwa kusukulu tizinena kuti ali ndi malungo aakulu. Kunyumba kwathu dzina la Mozambique silinkatchulidwa. Tinkangodziwa kuti ife tisanabadwe ankalondera njanji yopita ku Nacala nthawi ya nkhondo ya kumeneko, basi.

Masewero a anthu amenewa si ngati athu. Palibe kuvala masanza, palibe kudzola makala, palibe ng’oma. Pasiteji pamangokhala tebulo ndi chingwe. Munthu amatha kuima duu nthawi yaitali osanena kanthu, mpaka woonera umayamba kumva kupuma kwako. Akimu, telala wa ku Ntaja amene amatiseketsa m’masewero onse, ndiye anapatsidwa kukhala msilikaliyo. Tsiku loyamba anayamba kutulutsa thovu ndi kutola mapepala, momwe timachitira za amisala kwathu kuno. A Michiyo anamuimitsa.

“Iyayi, Akimu,” anatero. “Bambo uyu sakufuna anthu adziwe. Iye akuyesetsa kukhala bwino. Iwe yesetsa kukhala bwino, ndipo ulephere.”

Ine ndinapatsidwa kukhala mwana wamkazi, amene kumapeto amamanga bambo ake ndi manja ake. Sindinauze aliyense pagulupo za ababa, ndipo kunyumba sindinanene za sewerolo. Mawu anga ndinkaloweza ndikutsuka mbale kuseri kwa khitchini.

Tsiku lina masana ndinali kubwereza mawu akuti, “Bambo, nkhondo inatha. Vulani nsapato, muli kwanu.” Sindinadziwe kuti ababa ali pansi pa mtengo wa masau akusenda nandolo.

“Ida,” anaitana. “Ukunena ine?”

“Iyayi ababa, ndi mawu a sewero.”

“Analemba ndani?”

“Mayi wina wa ku Japan.”

“Anali nafe kunjanji?”

Ndinati ayi, sanapondeko n’komwe, analemba za agogo ake amene anamenya nkhondo ina, kalekale, kutali. Ababa anasiya kusenda. Anayang’ana nsapato zawo zija, zomwe tasokesa kambirimbiri, kenako anati, “Ndiye kuti tilipo ambiri.” Anandiuza kuti ndikhale pansi ndiwafotokozere sewero lonse. Ndinafotokoza ndikuyang’ana manja awo monga tinazolowerera. Nditamaliza anangoti, “Ndikufuna ndikamuone munthu ameneyo.”

Ndinakana, achimwene. Ndinati m’minibasi mumathina, muholo ya ku Liwonde momwe tikachitire sewero mudzakhala anthu ambiri, kudzatentha. Anandiyankha mawu amene ndikufuna muwawerenge pang’onopang’ono. Anati, “Zaka zonsezi mwandisankhira chakudya, mwandisankhira pogona, mwandisankhira anthu oti ndiwaone. Ichi ndasankha ndekha.”

Ndinakafunsa anamwino amene amatipatsa mankhwala awo mwezi ndi mwezi. Anati ngati eni ake akufuna, apite, koma akakhale pafupi ndi khomo kuti akafuna kutuluka atuluke. Choncho musanenenso kuti ndinawakoka. Anadzimeta okha ndevu, anavala jekete yakutchalitchi dzuwa lonselo, ndipo ndi iwo amene ankandifulumizitsa ine. Pamlatho wa Liwonde anasuzumira pawindo n’kuyang’ana Shire mpaka tinawoloka. Anati madzi achuluka kuposa momwe ankawakumbukirira.

Holo inadzaza. Ana anakwera m’mawindo, amayi ogulitsa nsomba anabwera ndi mabeseni awo, anyamata a kabaza anaimika njinga panja. Onse anabwera kudzaseka, poti amamudziwa Akimu. Atatulukira n’kungoima chete, wina kumbuyo anakuwa kuti, “Mwaiwala mawu, akulu?” Anthu anaseka. Koma Akimu sanagwedezeke. Supuni itagwa, iye n’kutembenuka kuyang’ana mkazi wake wa m’sewero, kuseka kunayamba kuchepa. Atakweza dzanja, mayi wina pabenchi yakutsogolo anaphimba kumaso mwana wake.

Tinafika pamapeto. Akimu anali pansi pa tebulo akunjenjemera, ine n’kutenga chingwe, n’kuyamba kumumanga manja monga tinaphunzirira. Ndipamene ndinamva nsapato pasimenti. Kuyenda kumeneko ndimakudziwa ngakhale ndili m’tulo. Sindinatembenuke.

Ababa anakwera pasiteji. Anandigwira dzanja, osati mwankhanza ayi, n’kunena kuti, “Usamumange. Ukamumanga aziona ngati agwidwa.” Anagwada n’kuyamba kumasula mfundo zomwe ine ndinamanga. Pamenepo munthu wina wakwathu kuno, sindikumutchula koma mawu ake ndinawazindikira, anakuwa powatchula udindo wawo wa kuusilikali kuti, “Ndi Kopolo uyo! Wamisala wa ku Utale!” Holo yonse inaphulika ndi phwete, mafoni m’mwamba. Apa ndi pomwe inu mwaona, ndipo apa ndi pomwe kakanema kanu kathera.

Zimene simunaone ndi izi. Ababa sanawalabadire anthuwo. Anakhala pansi pambali pa Akimu, n’kumuika dzanja pamsana, n’kumamuuza motsitsa kuti, “Yadutsa, mnzanga. Siinali yathu. Puma pang’onopang’ono. Puma.” Akimu sankadziwa kuti munthuyu ndi ndani, koma sanatuluke m’sewero. Anapitiriza kunjenjemera, kenako ndinaona kuti misozi yake si ya sewero ayi. Ndinayang’ana a Michiyo kumbali kuti atiuze chochita. Anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri, ndipo anapukusa mutu kuti tisaimitse.

Kenako ababa anadzuka n’kuyang’ana anthu. Anaima chilili, mapewa ali m’mwamba, momwe sindinawaonepo.

“Mukuseka,” anatero. “Sekani, palibe mlandu. Dzina langa ndine Samson Likaka. Ndinali msilikali. Ndinkalondera njanji imene imadutsa m’tauni mwanu muno, kuti mafuta ndi mchere zifike. Mnzanga amene ndinkafunda naye bulangeti limodzi ndinamutola ndi manja awa, chidutswa chidutswa. Sindinabadwe chonchi ine. Mankhwala ndimamwa. Amandipatsa ndi mwana wangayu.”

Muholo munali zii. Ndinamva khanda likuyamwa. Ababa anatembenukira kwa ine n’kunena kuti, “Pitirizani,” ndipo anakakhala m’mphepete mwa siteji miyendo ili lendelende.

Tinamaliza popanda chingwe. Ndinanena mawu anga aja, ndipo Akimu anavula nsapato zake n’kuziika patebulo. Ababa zawo sanavule. Sindikunamizani kuti nkhaniyi ikome.

Panja anthu ambiri anatilambalala, ena chifukwa cha manyazi, ena chifukwa cha mantha. Koma mayi wina wachikulire wofunda mpango anabwera n’kugwada pamaso pa ababa. Analankhula Chiyao chosakaniza ndi Chichewa. Anati amuna awo anathawa nkhondo yomweyo ali mnyamata, ataona mudzi wawo ukutenthedwa, ndipo pano amawatsekera m’nyumba chifukwa amakuwa. Anafunsa kuti mankhwalawo amapezeka kuti. Anayankha ndi ababa, osati ine. Anawauza tsiku loti apite kuchipatala ndi mawu oti akanene akafika.

Tsopano zoipa, poti ndinalonjeza. Titabwerera kunyumba ababa anadwala. Kwa masiku angapo anakana chakudya, ankanditchula dzina la munthu wina, mwina mnzawo uja, ndipo anaswa galasi la pawindo ndi chigongono mpaka kusokedwa. Ndinachita mantha ngati momwe ndinkachitira ndili mwana. Ndinawatengera kuchipatala, anawasinthira mankhwala, ndipo pano akudya ndi kulima. Sewero silichiza munthu, achimwene, zimenezo ndikuzidziwa. Mwina ulendo uja ndi umene unadzutsa matendawa. Koma matendawa akhala akudzuka chaka ndi chaka ababa ali chotsekeredwa kuseri, popanda sewero lililonse. Kusiyana kwake n’kwakuti ulendo uno atatsitsimuka anandifunsa kuti, “Mayi uja anawapititsa amuna ake?”

Lachiwiri lapitali kunabwera azakhali a Rose ndi loko watsopano m’chikwama. Anati mwawatuma inu kuti aikidwe pachitseko cha kanyumba ka ababa, ndipo makiyi azisunga iwo.

“Mwana iwe, wativula pagulu,” anatero. “Kutchalitchi sindikutha kudzutsa mutu. Zinthu izi timabisa.”

Ndinati, “Azakhali, tabisa kuyambira ine ndisanabadwe. Wachira ndani?”

“Ukundiyankha?”

“Pepani, koma ndikukuyankhani. Munthu amene mukufuna kumutsekerayo ndi mlongo wanu. Ali apo. Kawauzeni nokha.”

Anayang’ana ababa amene ankanola khasu pansi pa masau. Sanapiteko. Anasiya lokoyo pampando n’kunyamuka osatsanzika. Ndikudziwitseni kuti loko wanu sanatayike. Ndamuika pakhola la mbuzi, poti akuba avuta chaka chino, ndipo akugwira ntchito bwino.

Palinso nkhani ina imene mwina azakhali akuuzani kale mosangalala. Chinkhoswe changa ndi Godfrey chaima. Amalume ake anatumiza uthenga kuti aona kakanemako, ndipo akuopa kuti misala imayenda m’magazi. Godfrey anabwera yekha, n’kuima pampanda osalowa. Zaka zonse wakhala akubwera pano ankadziwa kuti ababa amadwala, ankawapatsa moni, ankawabweretsera ndi mabatire a wailesi. Chimene sanapirire n’chakuti tsopano anthu ena adziwanso.

“Ida, tidikire kaye anthu aiwale,” anatero.

Ndinati, “Anthu akaiwala, ababa adzasanduka munthu wina?”

“Sindikutero. Ungosiya kaye zisudzozi, ndipo madala asamaoneke kwambiri.”

Ndinamuuza kuti m’magazi mwanga mulibe nkhondo, koma ngakhale ikanakhalamo, munthu amene akufuna andikwatire bambo anga atabisidwa adikire yekha. Ananyamuka. Ndinalowa m’munda wa nandolo n’kulira mpaka mutu kupweteka, poti ndimamukonda, ndipo nsalu za chinkhoswe zili m’sutikesi zosokedwa kale. Koma sindinamuthamangire, ndipo sindimuthamangira.

Munandifunsanso kuti mlendo wa ku Japan akudziwa chiyani za banja lathu. Sankadziwa kanthu. Anadziwira pasiteji pomwepo, limodzi ndi wina aliyense. Patatha sabata anabwera kuno pa kabaza, fumbi lili mbuu m’tsitsi, n’kuwerama pamaso pa ababa kupepesa kuti sewero lawo lawapweteka. Ababa anawapatsa mpando. Anacheza nthawi yaitali, wina Chichewa chothyoka, wina Chingerezi cha kuusilikali. Ababa anawafunsa dzina la agogo awo aja, n’kulibwereza mpaka analitchula bwino. A Michiyo anati kwawo sewerolo limathera bamboyo ali chimangidwire, magetsi n’kuzima. Anafunsa ngati chingwecho tichichotse. Ababa anati, “Chisiyeni, anthu achione. Koma pazikhala womumasula.”

Ndiye Loweruka likubwerali tikupita ku Ntaja, kwawo kwa Akimu. Tikachita masana pabwalo pafupi ndi msika. Ine ndikamanga, ndipo ababa akamasula. Anena okha, ndipo anamwino avomera bola amwe mankhwala ndi kudya bwino m’mawa. Tawauza kuti tsikulo akadzuka mtima usakufuna, akhale, wina akamasula m’malo mwawo. Akajambula ajambule. Akalemba kuti wamisala alembe. Sindikukupemphani chilolezo, achimwene. Ndikukudziwitsani chifukwa ndinu mkulu wanga ndipo ndimakulemekezani.

Sindikukuimbani mlandu kuti munachoka. Munachoka muli ndi zifukwa zanu, ndipo ine ndinaziona ndi maso. Koma amene anatsala ndine. Amene ndimadziwa kuti lero adzuka bwanji pongomva kutsokomola kwawo ndine. Simungakhale kutsidya la mayiko n’kumanditumizira loko.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Matilda. Muwauze kuti masau ndawaumitsira, ndiwapatsira munthu akapezeka. Mwana wanu Tasha mumupsompsone, ndipo mumuuze kuti ali ndi agogo aamuna amoyo, poti ndinamva kuti amaganiza kuti anamwalira.

Ababa aona ndikulemba ndipo afunsa kuti ndikulembera ndani. Ndawauza. Kenako anditumiza mawu awa, ndipo ndikulemba momwe anenera. Akuti: “Umuuze Chester kuti mkono wake wamanzere uja sunathyoke pogwa mumtengo wa mango, monga mayi ake anauzira adokotala. Ndinauthyola ndine. Iye akudziwa, koma sakudziwa kuti inenso ndikudziwa. Umufunse ngati umamupwetekabe kukazizira.”

Ine sindikuwonjezerapo kanthu. Mkono ndi wanu, ndipo chochita ndi mawu amenewa ndi chanunso. Akhala pakhonde pano akudikira kuti ndimalize, akuti ndisiye malo pansi kuti alembe okha.

Ndine mlongo wanu amene sanasiye kukukondani,

Ida

Samson, bambo ako.